Setilaiti iti yoyang'anira madzi a m'gombe? Kuyerekeza njira zisanu pa gombe la Mozambique

Dothi limene mvula imakokolola m'minda ya ku Chikwawa, ku Mwanza kapena ku Angónia silithera pansi pa mlatho. Limatsika ndi Shire ndi Revúbuè n'kukalowa mu Zambezi kumunsi kwa damu la Cahora Bassa, kumene kulibenso damu lina lalikulu loti lilitchinge, mpaka kukatulukira m'nyanja ya Indian cha ku Chinde. Likafika kumeneko limafiiritsa madzi a pa Sofala Bank, dera losaya limene Mozambique imagwirapo ma prawn ambiri. Ofufuza anaona kalekale kuti ma prawn ogwidwa amachuluka kapena kuchepa malinga ndi mmene Zambezi yathirira madzi m'nyanjamo. Ndiye kudziwa mmene madzi a m'gombe alili si nkhani ya a labotale okha. Asodzi, a doko la Beira, oweta nsomba ndi olima ndere za m'nyanja onse imawakhudza.

Gombe la Mozambique ndi lalitali makilomita oposa 2,400, ndipo palibe boti limene lingaliyendere lonse sabata iliyonse. N'chifukwa chake maso amatembenukira kumwamba. Koma masetilaiti alipo ambiri, ndipo amene akulemba pulani ya kafukufuku kapena bajeti ya polojekiti ayenera kusankha asanawononge ndalama. Ine maganizo anga ndinena poyambirira pomwe: zithunzi zaulere zimakwanira ntchito zambiri, ndipo ndalama zenizeni zimathera pa mafuta a boti, intaneti ndi munthu wodziwa kuyeretsa chithunzi.

ZOYENERA KUYEZA MUSANASANKHE

Setilaiti siilawa madzi. Imangoona mtundu wake. Kuchokera pa mtunduwo tingayerekezere matope oyandama, klorofili (chinthu chobiriwira cha m'zomera) ya tindere tating'onoting'ono, ndi utoto wonga wa tiyi umene umachokera ku masamba owola a m'madambo ndi m'nkhalango za mangrove. Masetilaiti ena amayezanso kutentha kwa pamwamba pa madzi. Zathera pomwepo. Tizilombo ta kolera, E. coli, mankhwala a m'minda, mtovu, mpweya wa okosijeni m'madzi, zonsezi setilaiti siziona. Ngati funso lanu ndi lakuti ana asambe kapena ayi pagombe la mumzinda, pitani ku njira yachisanu basi.

Choyamba kuyeza ndi kukula kwa madzi anu poyerekeza ndi kadontho ka chithunzi. Chithunzi cha setilaiti chimapangidwa ndi timadontho, ndipo kalikonse kamaimira dera lalikulu mwakuti pansi pano. Kadontho kakagwira madzi ndi mtunda pamodzi, kaonongeka. Ngakhale kamene kali m'madzi mokhamokha koma pafupi ndi gombe kamalandira kuwala kochokera pamchenga ndi pamitengo.

Chachiwiri ndi liwiro limene madziwo amasinthira. Ku Beira madzi amakwera ndi kuphwera mamita oposa 6 mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangobadwa, ndipo akamayenda amavundula matope a pansi. Madzi a 10 koloko m'mawa si a 4 koloko madzulo. Masetilaiti onse amene tikambe pano amadutsa pamalo amodzi pa ola lofanana tsiku lililonse limene adutsa, pomwe madzi aakuluwo nawonso amakonda kudzaza pa maola ofanana. Zotsatira zake n'zakuti pali misinkhu ina ya madzi imene setilaiti yanu siidzaiona ngakhale mutasonkhanitsa zithunzi za zaka khumi. Ambiri sawerengera zimenezi.

Chachitatu ndi thambo. Mwa kuwala konse kofika pa kamera ya setilaiti ili pamwamba pa nyanja, pafupifupi magawo 9 mwa 10 amakhala atachokera mumlengalenga, osati m'madzi. Kuchotsa gawo limeneli, kumene timati kuyeretsa chithunzi, ndiye ntchito yaikulu. Kuno kotentha mavuto ake ndi atatu. Mitambo imatchinga kuyambira Novembala mpaka Malichi, nthawi yeniyeni imene mitsinje ikubweretsa matope. Dzuwa likakhala pamutu, nyanja imanyezimira ngati malata atsopano n'kuphimba mtundu wa madzi. Ndipo m'chilimwe, Ogasiti mpaka Okutobala, utsi wa tchire lotenthedwa kumtunda umakafika panyanja n'kusokoneza masamu oyeretsera chithunzi.

Chachinayi ndi kuya. Ku zilumba za Bazaruto ndi Quirimbas madzi ndi oyera moti setilaiti imaona mchenga, udzu wa pansi pa nyanja ndi matanthwe a korali. Pulogalamu yosazindikira imawerenga udzuwo ngati ndere zoyandama, inu n'kulemba lipoti lakuti madzi aipa pomwe ali bwinobwino.

NJIRA YOYAMBA: SENTINEL-2

Awa ndi masetilaiti a pulogalamu ya Copernicus ya ku Ulaya. Sentinel-2A inakwera mu 2015, 2B mu 2017, ndipo 2C mu 2024. Kamera yake imaona mitundu 13 ya kuwala, ndi timadontho ta mamita 10, 20 ndi 60, ndipo imajambula mzere wa makilomita 290 m'lifupi.

Mtengo: zithunzi ndi zaulere, mumangolembetsa pa Copernicus Data Space Ecosystem. Cholipira ndi bandulo ya intaneti. Kachigawo kamodzi ka makilomita pafupifupi 100 mbali zonse kamatha kulemera mpaka kuyandikira gigabaiti imodzi, ndiye werengerani chaka chathunthu. Njira yopulumukira ndiyo kugwirira ntchito pa Google Earth Engine kapena Digital Earth Africa, masamba a intaneti amene amasunga zithunzizo n'kuziwerengera komweko, n'kungokopera zotsatira zokha.

Kupezeka: masiku asanu aliwonse, cha m'ma 10:30 m'mawa. Pamapepala ndi zithunzi zisanu ndi chimodzi pamwezi. M'dzinja mukhoza kutha mwezi osapeza choyera n'chimodzi chomwe. Dziwaninso kuti inapangidwira kujambula mtunda ndi madzi oyandikana ndi gombe, ndiye kutali m'kati mwa nyanja zithunzi sizipezeka nthawi zonse.

Kusamalira: apa ndi pamene anthu ambiri amagwera. Pali zithunzi za Level-2A zomwe zimabwera zoyeretsedwa kale, ndipo zimakopa chifukwa n'zosavuta. Koma kuyeretsa kwake anakukonzera minda ndi nkhalango. Pamadzi tengani za Level-1C, zosayeretsedwa, n'kuziyeretsa nokha ndi ACOLITE, pulogalamu yaulere yochokera ku Belgium imene imachita bwino m'madzi amatope, kapena ndi C2RCC imene ili m'pulogalamu ya SNAP. Laputopu yabwinoko imakwanitsa, koma munthu amafunika masabata angapo kuti azolowere.

Zoopsa: kunyezimira kwa dzuwa kumaivutitsa kwambiri chifukwa kamera yake imayang'ana chindunji pansi. Pamadzi akuda mumaonanso mizeremizere yochokera ku mmene kamerayo inalumikizidwira, ndipo wosazolowera amaitenga ngati malire a madzi awiri osiyana. Siyeza kutentha. Koma ili ndi chuma chimodzi: imaona kuwala kwa kumapeto kwa mtundu wofiira, kwa pa 705 nanomita, kumene kumathandiza kusiyanitsa ndere ndi matope. Pa matsiriro a mtsinje, pa doko, pa maiwe a nsomba, ine ndimayambira pano.

NJIRA YACHIWIRI: LANDSAT 8 NDI 9

Ya NASA ndi USGS ya ku America. Landsat 8 inakwera mu 2013, Landsat 9 mu 2021. Kadontho ndi ka mamita 30, kukula ngati mabwalo awiri a ntchemberembaye.

Mtengo: zaulere kuyambira 2008, pa tsamba la USGS lotchedwa EarthExplorer.

Kupezeka: iliyonse imabwerera pakatha masiku 16, ndiye ziwirizo pamodzi ndi masiku 8. Kuno kwa mitambo zimenezi n'zochepa zedi. Mphamvu yake ili m'nkhokwe. Landsat yoyamba inakwera mu 1972, ndipo kuyambira 1984, pamene Landsat 5 inayamba ntchito, pali zithunzi za mamita 30 zoti n'kuyerekeza ndi za lero. Damu la Cahora Bassa linatsekedwa mu 1974; amene akufuna kuona mmene matsiriro a Zambezi asinthira m'zaka zotsatira alibe kwina kothawira. Musayembekezere kuti chaka chilichonse chakale chili ndi zithunzi zokwanira, poti mbali zambiri za Africa nkhokweyi ili ndi mipata.

Kusamalira: ACOLITE yomweyo imagwira, ndiye mukaphunzira imodzi mwaphunzira zonse.

Zoopsa: ilibe kuwala kwa pafupi ndi 705 nanomita kuja, choncho klorofili m'madzi amatope imaiphonya. Zithunzi za Landsat 7 zojambulidwa kuyambira pakati pa 2003 zili ndi mizere yopanda kanthu chifukwa chipangizo china chinafa. Ndipo kusakaniza manambala a Landsat 5 ndi a Landsat 9 osawagwirizanitsa kumabala "kusintha" kumene kuli kwa kamera, osati kwa nyanja. Chimene Sentinel-2 ilibe koma Landsat ili nacho ndi kamera ya kutentha, ya mamita 100, yokwanira kuona madzi otentha otuluka m'fakitale kapena dziwe losaya limene likufunda.

NJIRA YACHITATU: SENTINEL-3, MODIS, VIIRS NDI ANZAWO

Awiri tatchula aja ndi alendo panyanja. Awa ndiye eni ake, anapangidwira kuona mtundu wa nyanja. Kamera ya OLCI pa Sentinel-3A ya 2016 ndi 3B ya 2018 imaona mitundu 21 ya kuwala, imajambula makilomita 1,270 m'lifupi, ndipo anaipendeketsa dala chakumadzulo kuti izembe kunyezimira kwa dzuwa.

Mtengo: zaulere. Za Sentinel-3 za panyanja zimaperekedwa ndi bungwe la ku Ulaya la EUMETSAT, pomwe za MODIS ndi VIIRS, makamera a pa masetilaiti a ku America, zimaperekedwa ndi mabungwe a NASA ndi NOAA. Pa NASA Worldview mukhoza kungoyang'ana chithunzi cha dzulo popanda kukopera chilichonse, ndipo kwa ofesi yopanda intaneti yamphamvu chimenechi si chaching'ono.

Kupezeka: pafupifupi tsiku lililonse kapena masiku awiri. Kuno kotentha ubwino umenewu ndi waukulu kuposa mmene umamvekera, chifukwa m'sabata ya mitambo pamapezeka m'mawa umodzi thambo litang'ambika, ndipo setilaiti yodutsa tsiku ndi tsiku ndi imene imaukola. Namondwe Idai atagunda Beira mu Malichi 2019, kapena Freddy atalowera cha ku Quelimane mu Malichi 2023, funso lakuti madzi amatope a mitsinje ya Púnguè, Búzi ndi Zambezi afika kutali bwanji m'nyanja linali loyenera masetilaiti a mtundu uwu.

Kusamalira: n'kopepuka kuposa njira zonse, chifukwa klorofili ndi matope zimabwera zowerengedwa kale. Msampha uli pa kusankha. Zithunzi za OLCI zimabwera ndi klorofili ya mitundu iwiri, CHL_OC4ME ya madzi oyera a pakati pa nyanja ndi CHL_NN ya madzi osakanikirana a m'gombe. Yoyambayo imayerekeza kuwala kwa buluu ndi kobiriwira, ndiye ikakumana ndi matope kapena madzi a tiyi a m'mangrove imakuuzani kuti muli ndere zambirimbiri. Mapu ofiira piriwiri m'mbali mwa Sofala Bank amene mumawaona m'malipoti ena, mbali yaikulu ya kufiirako imakhala matope.

Zoopsa: kukula kwa kadontho. Ka OLCI ndi ka mamita 300, kutanthauza mahekitala 9, munda wa maekala 22. Ka MODIS ka mtundu wa nyanja ndi ka kilomita imodzi, ka VIIRS mamita 750. Khwawa la mangrove, doko laling'ono, munda wa ndere wa gulu la amayi, zonsezi zimamira m'kadontho kamodzi pamodzi ndi mtunda. MODIS nayo yakalamba: pa masetilaiti awiri oinyamula, Terra inakwera mu 1999, Aqua mu 2002, ndipo nthawi imene zimadutsa yayamba kusuntha. Nkhokwe yake ya zaka zoposa 20 ndi yamtengo wapatali, koma polojekiti yatsopano isamangidwe pa iyo. PACE ya NASA, yokwera mu Febuluwale 2024, imaona mitundu yochuluka kwambiri ya kuwala moti ingathandize kusiyanitsa magulu a ndere, koma kadontho kake ndi ka pafupifupi kilomita, ndiye ndi ya kunyanja yaikulu.

Oyang'anira korali ali ndi mwayi wapadera pano. NOAA Coral Reef Watch imatulutsa tsiku ndi tsiku mapu a makilomita 5 osonyeza kumene kutentha kwaunjikana, kutentha kwa mtundu umene unayeretsa korali wa kumadzulo kwa nyanja ya Indian mu 1998 ndi mu 2016.

NJIRA YACHINAYI: ZITHUNZI ZOGULA, MONGA PLANETSCOPE

Kampani ya Planet ili ndi timasetilaiti tambirimbiri tojambula dziko pafupifupi tsiku lililonse ndi kadontho ka mamita 3 kapena kuposerapo pang'ono. Tatsopano, totchedwa SuperDove, timaona mitundu 8 ya kuwala.

Mtengo: mumakambirana ndi kampaniyo malinga ndi kukula kwa dera ndi nthawi, ndipo mumalipira ndalama zakunja chaka ndi chaka. Ophunzira ndi aphunzitsi a m'mayunivesite angapemphe gawo laling'ono laulere la kafukufuku.

Kupezeka: ndi yokhayo yophatikiza kadontho kakang'ono ndi kubwera pafupipafupi. Mitambo siiopa ndalama, imatchinga chimodzimodzi, koma mwayi wopeza tsiku loyera ndi wochuluka.

Kusamalira: n'kolemera kuposa mmene ogulitsa amanenera. Chithunzi cha lero ndi cha mawa zimachokera ku makamera osiyana, ndipo pamadzi akuda kusiyana pang'ono kumaoneka ngati kusintha kwa madzi. Ambiri amayenera kuzigwirizanitsa ndi Sentinel-2 ya tsiku lomwelo.

Zoopsa: ndalama za polojekiti zikatha, zithunzi zimatha, ndipo laisensi imaika malire pa kugawana ndi ena. Zimachita bwino posonyeza kumene matope akuchokera ndi kumene akupita. Pa manambala enieni a klorofili sindingazidalire pazokha.

Madroni ndiwaika pomwepa mwachidule. Amauluka pansi pa mitambo ndipo amaona mpaka masentimita, koma batire silichedwa kutha, mphepo yamchere imadya zipangizo, pamafunika chilolezo cha nthambi yoona za ndege, ndipo pulogalamu yolumikiza zithunzi imasochera pamadzi okhaokha poti palibe mwala kapena mtengo woti igwirepo. Ndi a dziwe limodzi kapena paipi imodzi yotayira zonyansa.

NJIRA YACHISANU: BOTI, NDOWA NDI MBALE YOYERA

Ena adabwa kuona boti m'nkhani ya masetilaiti. Ndaliikamo chifukwa njira zinayi zapamwambazo popanda iyi ndi zithunzi zokongola chabe. Masamu osandutsa mtundu kukhala mamiligiramu ambiri anayesedwa m'madzi a ku Ulaya ndi ku America. Matope a Zambezi ali ndi mtundu wawo. Popanda kutunga madzi n'kuyerekeza, simungadziwe ngati nambala yanu yalakwika pang'ono kapena kawiri.

Mtengo: chipangizo chotchipitsitsa ndi mbale ya Secchi, yoyera, ya masentimita 30, yomangidwa ku chingwe chokhala ndi zizindikiro. Mumaitsitsa mpaka isaonekenso n'kulemba kuya kwake. Dzina lake ndi la Angelo Secchi amene anaigwiritsa ntchito mu 1865, ndipo kalipentala aliyense angaipange. Makina oyezera kuvunduka kwa madzi, timapepala tosefera, ayezi ndi labotale ndi zimene zimakwera mtengo. Koma chodya ndalama kwambiri ndi mafuta.

Kupezeka: tsiku lililonse limene mphepo yalola, mitambo ilipo kapena ayi, usiku kapena masana. Malo ake ndiwo ochepa.

Kusamalira: makina amafuna kulinganizidwa kawirikawiri, ndipo osiyidwa m'madzi amamera ndere ndi tizigoba pakangopita masabata ochepa. Madzi oyezera klorofili amasefedwa tsiku lomwelo n'kusungidwa mozizira, mumdima. Magetsi akazima usiku wonse, ulendo wonse wapita pachabe. Chofunika kwambiri ndi kalendala: onani tsiku ndi ola limene setilaiti idutse, boti likhale pamalopo nthawi imeneyo. Pakati pa nyanja kusiyana kwa maola atatu kumaloledwa. Pa matsiriro a Púnguè ola limodzi ndi lalitali kale. Pitaninso m'madzi amitundu yonse, oyera ndi amatope, m'dzinja ndi m'chilimwe. Miyezo 30 yotengedwa pamalo amodzi pafupi ndi doko siphunzitsa kanthu.

Zoopsa: nyanja yokha, ndiponso kulekeza panjira. Pofuna labotale ndi anzanu ogwira nawo, Yunivesite ya Eduardo Mondlane ili ndi sukulu ya sayansi ya za m'nyanja ku Quelimane, ndipo bungwe la WIOMSA la ku Zanzibar limalumikiza ofufuza a chigawo chonsechi.

NDANI ATENGE CHITI

Ngati muli ku nthambi ya usodzi ndipo mukufuna kutsatira madzi a Zambezi pa Sofala Bank nyengo ndi nyengo, tengani Sentinel-3, klorofili ya CHL_NN, ndipo pemphani oyendetsa maboti a usodzi angapo kuti azitsitsa mbale ya Secchi m'mawa n'kulemba malo ndi ola.

Ngati mukuyang'anira doko, kukumba mchenga pansi pa madzi kapena matsiriro a mtsinje, Sentinel-2 ndi Landsat pamodzi, zoyeretsedwa ndi ACOLITE, ndipo pa chithunzi chilichonse lembanipo msinkhu wa madzi pa ola limenelo. Gulani PlanetScope pokhapokha ngati pali mlandu kapena ntchito ya miyezi yochepa yofuna umboni wa tsiku ndi tsiku, ndipo wina akulipira.

Wophunzira wolemba pepa ya digiri yachiwiri wopanda thandizo: funso la kusintha kwa zaka zambiri ndi Landsat pa Google Earth Engine, ndipo muzikamba za matope ndi malire a gombe, osati klorofili. Ndalama zochepa zimene muli nazo zipite ku maulendo awiri a boti, umodzi m'dzinja wina m'chilimwe.

Oyang'anira korali ndi udzu wa m'nyanja ku Bazaruto kapena ku Quirimbas: Coral Reef Watch ya kutentha, Sentinel-2 yojambulira mapu a pansi pa madzi, ndipo manambala a klorofili a pamadzi osaya muwasiye.

Mafuta akataika, zonsezi ziikeni pambali muyambe ndi Sentinel-1. Imeneyi ndi ya rada, siona mtundu koma imabowola mitambo ndipo imajambula ngakhale usiku. Mafuta amasalaza timafunde, ndiye pachithunzi amaoneka ngati banga lakuda, monga zinaonekera sitima ya Wakashio itataya mafuta ku Mauritius mu Ogasiti 2020. Malo opanda mphepo nawonso amada chimodzimodzi, choncho onani kaye mphepo ya tsikulo musanaimbire foni akuluakulu.

Mwini maiwe a nsomba kapena ma prawn, gulu lolima ndere, khonsolo yofuna kudziwa ngati gombe n'loyenera kusambapo: gulani makina oyezera okosijeni ndi mchere, pezani labotale yoyeza tizilombo, ndipo Copernicus Browser, tsamba loonerapo zithunzi za Sentinel, muziitsegula pafoni kamodzi pa sabata kuti muone ngati madzi ofiirira a mtsinje ayamba kulowera kwanu.